Bambo Feston Chande ndi Miyala ya ku Mwera

Malemu anabadwa pa 9 Ogasiti 1936 konkuno ku Ngala, m'banja la ana asanu. Ine Layson Chande, mng'ono wawo, ndi amene ndatsala. Mafumu, abusa ndi nonse mwabwera kudzatikhuza, mundikhululukire mawu akamandithawa.

Sukulu anayamba mu 1945 ku Dwambazi ndipo analekeza Sitandade 3. Tisaname pamaliro: madzi ankawakonda kuposa choko. Mu 1960 anamanga banja ndi mayi Maness a ku Kanyenda. Mu 1979 analowa ntchito yothirira nzimbe ku Dwangwa, koma mu 1988 anabwerera ku bwato ndi mbedza zawo.

Posaka nkhanu za nyambo, malemu anazindikira kuti thanthwe la padooko lathu lili ndi mbali ziwiri zosiyana. Kumene kumawomba mwera, mafunde amamenya usana ndi usiku. Ndere zake n'zazifupi, zomatirira pamwala, nkhanu zimabisala m'ming'alu, ndipo tinkhono sitikhalako chifukwa timakokoloka. Kuseri kwa thanthwe madzi ndi odekha ndi ofunda, ndere zimatalika ngati tsitsi, ndipo tinkhono timaswana mosaneneka. Azaumoyo ataphunzitsa kuti likodzo limadzera mu nkhono, malemu sanafunsenso kawiri.

Mu 1990 analetsa kusamba ndi kuchapa kuseriko. Nthawi imeneyo anali m'komiti ya chipani, ndipo lamulolo analiika ndi ukali. Tinamvera, koma chifukwa cha mantha. Kutifotokozera bwinobwino sanatifotokozere, ndipo apa achimwene analakwitsa. Choncho mu 1994, zipani zitachuluka, lamulo lawo tinalitayira kumodzi ndi makadi a chipani. Amayi anati ku mwera kumaterera, kumazizira, mafunde amalanda sopo. Anyamata anati tsopano ndi demokalase, aliyense asamba pomwe wafuna.

Mu 1996 nyanja inaphwa kwambiri. Kuseri kuja madzi anafika m'mawondo, ana n'kusandutsa bwalo losewerera. Chaka chisanathe ana ambiri anayamba kukodza magazi, pakati pawo mdzukulu wawo Atikonda. Malemu anadziwa kuti akakalipanso palibe awamvere. Ndiye anatenga dengu. M'mawa ulionse ankalowa m'madzi odekhawo, kuzula ndere, kutola tinkhono timodzitimodzi, kukatitaya pamchenga wotentha. Tinkawaseka, ena mpaka kuwapatsa dzina loti Ankhono. Iwo ankangoyankha kuti mwana sangamve lamulo, koma nkhono ikachoka yachoka.

Madzi amene ankatetezerako ana athu ndi amene anawadwalitsa likodzo iwo eni. Matendawo anawabisa, poopa kuti mayi Maness awalanda dengu. Mu Novembala 1997 anagonekedwa kuchipatala ku Nkhotakota, kumene anawapeza kuti chikhodzodzo chawonongeka kale. Anabwerera kumudzi ali ofooka, akufunsabe ngati wina walowa m'malo mwawo. Palibe analowa. Izi zikundipweteka mtima, chifukwa inenso ndinali pomwepo. Anatisiya Lachiwiri pa 14 Julaye 1998.

Asiya mayi Maness, ana anayi ndi zidzukulu khumi ndi chimodzi. Tikuthokoza achipatala, amayi a mvano amene agona pano, adzukulu okumba manda, ndi a Yasini pamodzi ndi anzawo a kumzikiti amene anatithandiza ndi galimoto.

Pempho la banja ndi limodzi. Tikachoka kumanda tipita kunyanja kukasamba, monga mwa mwambo wathu. Mwera ukuwomba, mukuumva nokha, ndipo miyala ya kumeneko ikuterera. Lero palibe wotiopseza. Komabe tikupempha kuti mugwire ana padzanja, tikasambe ku mwera.

Mzimu wa bambo Feston Chande uuse mumtendere.