Majezi a m'Sutikesi ya Malemu Jameson

Ine, Magdalene Nkhoma, wa zaka 44, wokhala ku George kompaundi, wogulitsa tomato pamsika, ndikuyankha dandaulo la a Chewe loti ndinawabera jezi ya mpira.

Amuna anga, a Jameson, anali mlonda pasitolo ina m'tauni. Lendi, fizi ya ana ndi madzi a pakiyosiki ankalipira okha. Ine ndinkangoti ndi malipiro a ulonda, sindinafunsepo. Pansi pa bedi panali sutikesi yomwe sankalola munthu kuikhudza.

Anamwalira mu Meyi. Titaika maliro, abale anati zovala za malemu zichapidwe kuti zigawidwe, monga mwa mwambo. Mlamu wanga Dingani anathyola loko wa sutikesiyo. Munali majezi akale a mpira, iliyonse m'pulasitiki yakeyake, ambiri olembedwalembedwa ndi inki pachifuwa. Ndinaganiza kuti ndi ana anachita zimenezo. Ndinawanyika m'sopo n'kuwatikita mpaka zala zinasupuka, kuti abale asati mkazi wa Jameson ndi wauve. Atauma, abale anagawana.

Lendi ya Juni inandikanika. Nditakafunsa kusitolo kuja, malipiro amene ananditchulira sakanakwana ngakhale lendi yokhayo. Foni ya malemu imalirabe mpaka lero. Amuna osawadziwa amafunsa ngati kwabwera katundu watsopano, ndikayankha ine amadula.

Lolemba lapitali m'mawa kunabwera a Chewe, amene ndinali ndisanawaonepo. Anati: “Ba mayo, ba Jameson banatenga jezi ya batate banga, ya girini, yosainiwa na timu yonse. Banakamba ati bapeza wogula. Bambiri banasaina paja banafa kudala. Ili kuti?”

Apa m'pamene ndinadziwa chimene chinkatidyetsa zaka zonsezi: malemu ankagulitsa majezi osainidwa ndi osewera mpira.

Ndinapita nawo kuseri kwa msika kwa Dingani, amene anatenga jezi yobiriwira pogawana paja. Tinampeza akukanya simenti, atavala jezi yobiriwirayo, akuyang'ana kumbali. Mapewa ake ndi a mkulu wake enieni. Pakamwa panga panatuluka mawu akuti, “Ba Jameson.”

A Chewe anamuvula jeziyo, anaitembenuza uku ndi uku kufunafuna mayina, osapeza ngakhale limodzi. Anati si yawo, yawo ndinagulitsa.

Ndi yomweyo. Sindinabe, sindinagulitse. Ndinaichapa ndi manja angawa, ndipo pa majezi onsewo ndi imene inayera bwino koposa.

Zomwe ndikudziwa ndi zomwezi.

Wosaina: Magdalene Nkhoma