Bambo Bennet Chikhwaza ndi Filimu Yawo Yotsiriza

Malemu Bambo Bennet Chikhwaza anabadwa pa 9 Meyi 1957 ku Bembeke m'boma la Dedza, ali achitatu m'banja la ana asanu ndi awiri. Pulayimale anaphunzira komweko, sekondale anakamalizira ku Lilongwe mu 1976. Ine ndine mlamu wawo, Gracian. Banja landilamula kuti ndisalire pano, chifukwa mbiri iyi ndi yonyaditsa.

Mu 1979 analembedwa ntchito pa kampani ina yoonetsa kanema m'midzi pa galimoto. Filimu za nthawiyo zinkabwera m'matepi awiri kapena atatu, ndipo ina ikatha ankaikapo ina. Tsiku lina ku Mitundu tepi inathera pomwe wakuba anali atangogwira chitseko. Bwalo lonse linaimirira, anthu kukuwa, ena kulumbira kuti akudziwa chomwe chichitike. Malemu anaona kuti kudikirako kukuwakomera anthu kuposa filimuyo. Kuyambira pamenepo ankachedwa dala, kunamizira kupukuta makina, anthu akuwalalatira, iwo akumwetulira. Sukulu yawo ya filimu inali imeneyo basi.

Pa 17 Ogasiti 1985 anamanga ukwati woyera ndi Mayi Marjorie, namwino. Mayi amanena okha kuti kalata yofunsira inabwera m'zigawo zitatu, ndipo mawu enieniwo anali m'kalata yachitatu.

Mu 2003 Mayi atapeza ntchito kuchipatala kuno ku Leicester, banja linakhazikika ku Braunstone. Malemu anayamba ndi kunyamula makatoni, kenako anagwira ntchito yosamalira okalamba zaka khumi ndi zisanu. Koma mu 2008 atagula kamera, abale, tinaona zina! Anajambula filimu zinayi zodukitsa mtima, osewera ake tili ife tomwe: anamwino, osamalira okalamba, ana a kuyunivesite, aliyense pa tsiku lake lopuma. Magazi munalibe, mfuti munalibe. Munthu woipa ankamuonetsa nsapato zokha. Pofika poopsa ankazimitsa nyimbo, n'kusiya ketulo ikuwira. Chitseko chikagogodedwa ankawerenga chamumtima mpaka makumi anayi asanalole wina kutsegula. Ku holo ya ku Evington tinaona abusa athu, munthu wamkulu, akukalipira chinsalu cha kanema kuti mtsikana wa mufilimuyo athawe.

Lamulo lawo linali limodzi. Wosewera ankalandira tsamba la tsiku lomwelo lokha, ndipo mapeto a nkhani ankakhala m'mutu mwa eni ake. Ankati munthu wodziwa mapeto sangachite mantha enieni pamaso pa kamera.

Mu Juni 2021 anayamba filimu yachisanu, Kiyi Wachiwiri. Ndi nkhani ya namwino amene akabwera kuntchito amapeza wina walowa m'nyumba mwake, wasuntha zinthu, koma sanabe kanthu. Namwinoyo ankasewera ndi mwana wathu Mayankho. Pafupifupi zaka zitatu anthu anapereka masiku awo opuma, ndipo Bambo Sajid ankatseka sitolo yawo ku Belgrave Road Lamlungu m'mawa kuti tijambuliremo. Tonse tinkakayikirana kuti wolowa m'nyumbayo ndi ndani mwa ife. Ineyo ndinavekedwa jekete lakuda kawiri, ndipo akazi anga anayamba kundiyang'ana ndi diso lina.

Pa 3 Febuluwale 2024, kutatsala chigawo chomaliza chokha, malemu anadwala sitiroko. Mbali ya kumanja inafooka, mawu anapita. Tinada nkhawa ndi moyo wawo, koma ndisaname pamaliro, tinada nkhawanso ndi filimu. Ntchito yonse ija inali pafupi kukhala nkhani yopanda mathero. Mayankho anakagwada pambali pa bedi n'kuwadandaulira kuti, "Ankolo, mashifiti onse ndinasinthana ndi anzanga aja apite pachabe? Tangolembani dzina lokha la wolowa m'nyumba uja." Malemu anapempha cholembera ndi maso, nalemba movutika ndi dzanja lamanzere mawu amodzi: Dikirani. Mayankho analira, anamwino anzake anaseka, wodwalayo anaseka nawo ndi mbali imodzi ya pakamwa.

Anadwala miyezi khumi ndi inayi, Mayi akuwasamalira pakhomo. Pa 2 Epulo 2025 anatisiya ali ndi zaka 67, osaulula kanthu.

Tsopano mverani izi. Sabata yatha mwana wawo Lusubilo, pofunafuna zithunzi za mwambo uno m'kompyuta ya bambo ake, anapeza chigawo chomalizacho. Chinajambulidwa kalekale, mu Meyi 2021, osewera tisanaitanidwe n'komwe! Munthu anayamba ndi mapeto, n'kutiyendetsa ife mumdima zaka zonsezi. Amene anali ndi kiyi sindimutchula. Ndingonena kuti m'chigawocho muli mawu a malemu enieniwo, amphamvu, omveka bwino. Lusubilo atawatsegulira mayi ake, Mayi Marjorie anamva amuna awo akulankhula koyamba chidwalire. Anakhala pansi, nauza mwanayo kuti abwerezenso, mpaka kasanu. Kenako analamula kuti filimuyi ilumikizidwe msanga, ionetsedwe lero, tikachoka kumanda, ku holo ya ku Evington. Yalumikizidwa. Nonse mukuitanidwa.

Malemu asiya Mayi Marjorie, ana atatu, Lusubilo, Chilungamo ndi Rachael, zidzukulu zinayi, ndi achemwali awo awiri ku Bembeke amene akutitsatira pa foni. Banja likuthokoza anamwino amene ankasinthana kudzathandiza Mayi, mpingo, Bambo Sajid ndi banja lawo, abale athu a ku Zambia, ndi inu nonse ochokera ku Nottingham, Derby ndi Northampton.

Alamu anga, lero tilira pano, koma madzulo ano tikakumvaninso mukulankhula. Mzimu wanu uuse mumtendere.