Mbiri ya Mayi Ulbolsyn Kuttybayeva ndi Buku Lawo Lotsala

Malemu Mayi Ulbolsyn Kuttybayeva anabadwa pa 9 Novembala 1951 kuno ku Kazaly, m'banja la oweta ngamila. Anali achitatu mwa ana asanu ndi mmodzi. Sukulu anayamba mu 1958, ndipo maroketi ochokera ku Baikonur ankawaona ali kubusa. Mu 1974 anamaliza maphunziro a sayansi ku Alma-Ata, nabwerera kudzaphunzitsa kwawo.

Pa 12 Juni 1976 anakwatiwa ndi Bambo Zhaksylyk, ogwira ntchito ku njanji.

Buku lawo loyamba linatuluka mu 1983. Ndi nkhani yopeka ya abusa amene anasamukira kudziko lina la m'mlengalenga, ziweto ali nazo. Mu 1998 linamasuliridwa m'Chingerezi. Lero mabuku awo asanu ndi anayi ali m'zilankhulo 41, ndipo makalata a owerenga ochokera ku Seoul, Lima ndi kwina anadzaza mabokosi 17.

Kutchukako sikunasinthe lamulo lawo limodzi. Buku lililonse ankayamba aliwerengera anthu a kuno m'Chikazaki, tiyi ali pamoto, lisanapite kwa osindikiza. Amuna awo akasinza, malemu ankati, "Dzukani, bambo a njanji, sitima sinafike ku Mars!" Mutu umene wagonetsa bambowo ankaulembanso.

Mu Febuluwale 2023 anapezeka ndi khansa ya m'mapapo. Buku lakhumi analilemba akudwala, mpaka tsamba 312. Mutu wotsiriza sanaulembe, ndipo sanathe kutiwerengera. Anamwalira pa 14 Januwale 2024, ali ndi zaka 72.

Osindikiza a kunja atilembera kawiri chimwalirireni malemu. Akufuna kuti mlembi wina amalize bukulo, lituluke m'maiko makumi atatu mu Meyi. Malemu anayankhiratu pa 3 Januwale, ali m'chipatala ku Kyzylorda, ana awo onse alipo: "A kunjawo adikire. Kodi anandithandiza kutunga madzi?"

Choncho banja lagamula motere. Palibe amene adzawonjezere mawu. Pa tsiku la makumi anayi chimwalirireni malemu, mwana wawo Aigerim adzayamba kuliwerenga m'nyumba muno, ndipo nonse mwaitanidwa. Likadzamveka kuno, ndiye lidzapita kunja, lothera pomwe dzanja lawo linaima.

Malemu asiya amuna awo, ana atatu, Aigerim, Daulet ndi Marat, komanso zidzukulu zisanu ndi ziwiri. Tikuthokoza madokotala ndi anamwino, a Imamu, anansi amene anakumba manda m'nthaka yowuma ndi chisanu, ndi alendo amene mwayenda maulendo ataliatali.

Mayi, gonani mwamtendere. Mulungu akulandireni. Tsamba 313 tilisiya loyera.