Wenzulo ya Aphunzitsi Shawa

"Kodi wenzulo yanga watola ndani?" Limeneli ndilo funso lomaliza limene malemu anafunsa m'chipatala Lachiwiri lapitali. Pambali pawo panali akazi awo, abusa, namwino, ndi wapolisi amene anakhala pa mpando pakhomo. 

Abusa, mafumu, aphunzitsi ndi ana a sukulu, abale a kuno ku Madzimoyo, ndi inu a ku Chiparamba amene mwasankha kukhala kumbuyo kwenikweni uko: ine ndine Lenia, mwana wa mlongo wawo wa malemu. Banja landituma kuti ndiwerenge mbiri yawo. Andiuza kuti ndisatalikitse ndiponso ndisaname. Ndiyesetsa pa chachiwiricho.

Malemu Bambo Bizwell Shawa anabadwa pa 3 Juni 1916, m'nyumba imene bwinja lake lili kuseri kwa mitengo ya mango iyo. Anali wachitatu mwa ana asanu ndi mmodzi a Bambo Fackson Shawa ndi Mayi Vailet Mvula. Bambo awo anali mesenjala wa boma, wogwira anthu othawa msonkho. Ankayenda ndi chikoti cha mvuu ndi wenzulo yamkuwa, yaitali ngati chala, yolira mawu awiri nthawi imodzi. Ikalira kumapeto kwa mudzi, amuna ankasiya makasu m'mizere n'kuthawira kuphiri. Akuluakulu ena muli pano mukuikumbukira, ndipo amene mwaiwala, misana yanu sinaiwale. Bambo awowo atamwalira mu 1931 anasiya chikoti, nsapato ndi wenzuloyo. Nsapato anavala achimwene aakulu, chikoti agogo anaponya m'chimbudzi, wenzulo anatola malemuwa.

Sukulu anayamba pa mishoni pompano mu 1924, natsiriza Sitandade 6 mu 1933. Kuyambira 1934 mpaka 1936 anachita maphunziro a uphunzitsi. Kumeneko ndiko anathyoka mphuno posewera mpira, ndipo poona kuti mphuno ina alibe, anasankha kukhala woyimbira mpira. Tsiku loyamba kuliza wenzulo ya bambo awo pabwalo, osewera anaima monga mwa lamulo, koma madala amene anabwera kudzaonerera analiyatsa liwiro kulowa m'chimanga. Nkhani imeneyi malemu ankaikonda, ankaifotokoza akuseka mpaka misozi. Anzawo anawalangiza kuti agule wenzulo yeniyeni ya mpira, ya kanjere m'kati. Anakana. Ankati, "Iyi inaliza anthu ambiri. Isiyeni iphunzire ntchito ina."

Pa 12 Ogasiti 1939 anamanga ukwati woyera ndi Mayi Esnat Miti a ku Chiparamba, ochokera m'mudzi wa kutsidya kwa dambo. Linali Loweruka, choncho mkwati anafika m'tchalitchi fumbi lili m'miyendo, chifukwa m'mawa wa tsikulo anali ndi mpira woti ayimbire. Mayi Shawa akuti anakhululuka tsiku lomwelo, koma sanasiye kukumbutsa. Mulungu anawapatsa ana asanu.

Ataphunzitsa zaka khumi ndi zisanu ndi zitatu m'sukulu za kumidzi, mu Januwale 1955 anaitanidwa ku sukulu ya sekondale ya anyamata kufupi ndi Fort Jameson. Anawapatsa Chinyanja, nyimbo, masewero, mpira ndi maulendo, kutanthauza zonse zimene aphunzitsi achizungu sankafuna kuchita dzuwa likuswa mtengo. Poti andiletsa kunama, ndinenenso kuti malemu ankamenya. Ndodo yawo yansungwi anyamata anaipatsa dzina loti Chitaganya, dzina la boma lija lophatikiza maiko atatu, ati chifukwa palibe anaipempha koma aliyense inamupeza. Malemu dzinalo ankalidziwa. Mwana akachedwa ku kwaya ankamuuza kuti, "Gwira zala za kumapazi, mwanawe, boma lafika."

Mu 1957 anayambitsa mpira wa pakati pa sukulu ndi mudzi wa akazi awo. Ankati ana asamaphunzire Chilatini n'kuiwala njira yopita kumene kumachokera mgaiwa umene amadya. Mpira woyamba sunathe. Mnyamata wina wa sukulu anatcha wosewera wa kumudzi mbuli, ndipo mitengo ya pagolo inazulidwa n'kusanduka zida. Mano anakhala pa udzu. Malemu analowa pakati akuliza wenzulo, natulukamo khutu litang'ambika, koma ndewu inatha. Mwezi wotsatira anabwereranso ndi anyamata omwewo, wapansi, akuyimba njira yonse, nawalamula kuti ayambe adzika mitengo yatsopano. Kuyambira pamenepo anthu a m'mudzimo ankadziwa kuti akamva nyimbo kudambo ndiye kuti sukulu ikubwera, ndipo amayi ankayamba kugwira nkhuku.

Kumudziko ndiko anapeza a Matiyasi Daka, mlimi wamanzere amene ankagwira pagolo. Malemu anathera nawo Maloweruka ambiri, kuwaphunzitsa kuponya. Mawu awo anali amodzimodzi: "Ponya ndi phewa, Matiyasi, chigongono n'chodyera." Pofika chaka chachiwiri a Matiyasi ankaponya mpira kudutsa pakati pa bwalo, ndipo malemu ankawanyadira kuposa ana a sukulu awo, ngakhale kuti kuponya komweko kunagonjetsa sukulu kawiri.

Mu Malichi 1959 ananyamuka ndi kwaya kupita ku Nyasaland. Pamalire asilikali anawatsitsa, nagoneka anyamata pamsewu chafufumimba, n'kuwamenya ndi matako a mfuti chifukwa cha nyimbo imene ankayimba. Inali nyimbo ya m'buku la kutchalitchi. Malemu atayesa kufotokoza zimenezo anathyoledwa nthiti ziwiri. Pobwerera analamula kuti nyimbo ija aiyambire pamene inadukira. Chaka chotsatira, ana atanyanyala maphunziro n'kuphwanya mawindo, apolisi anabwera ndi agalu ndi utsi wokhetsa misozi. Malemu anatsekera anyamata ang'onoang'ono m'chipinda chosungiramo za masewera, naima pakhomo, nauza mkulu wa apolisi kuti m'menemo muli mipira yokhayokha. Mipira inatsokomola. Anawamenya ndi chibonga cha boma pakamwa, koma pakhomo sanachoke.

Pakamwa patapola, anakonza ndi anyamata sewero la mlimi amene anamangidwa chifukwa chokana kukumba migula yotchinga madzi m'munda imene boma linalamula. Kwa mphunzitsi wamkulu anati ndi nkhani ya Zakeyu wamsonkho. Apolisi a m'sewerolo ankavala kaki wa sukulu, zipewa za zipanda zopaka polishi wakuda, ndi mfuti zosema. Mbali ya bwana wachizungu, amene buluku limamuvuka pamapeto, palibe mwana analimba mtima kuitenga. Anaitenga malemu. Ankaika pilo pamimba, chisoti pamutu, kumaso n'kudzola choko.

Tsopano ndafika pa Loweruka lapitali, pa 9 Sepitembala 1961, tsiku limene sewerolo linayenera kukaonetsedwa kumudzi kuja. Ena mwa inu munalipo. Mundikonze ndikalakwitsa.

Lachitatu la sabata lomwelo mudziwo unali utalandira alendo ena, a boma, a zipewa zakuda ndi mfuti. Anabwera pa lole yokutidwa ndi tenti, kufuna anthu a makadi a chipani. Anawotcha nkhokwe ndi nyumba zinayi, anaombera mbuzi, anathyola mkono wa bambo awo a Matiyasi. Akazi awo a Matiyasi, Mayi Dolika, anali oyembekezera. Anawaponda ndi nsapato, ndipo anapita padera. Pochoka alendowo ananena kuti abweranso. Zimenezi zitamveka kusukulu, aphunzitsi ena anati ulendo ulephereke. Malemu anati, "Ndiye akufunikadi kuona bwanayo ali wopanda buluku." Anatumiza uthenga kuti sukulu ibwera. Uthengawo sunatchule lole, chifukwa nthawi zonse sukulu inkapita wapansi. Koma tsikulo katundu wa sewero anachuluka, ndipo malemu anabwereka lole kwa mwini sitolo wina wa m'tauni. Nayonso inali ya tenti. Inafika mochedwa, ndipo malemu, amene ankadana ndi kuchedwa kuposa tchimo lina lililonse, analamula kuti aliyense avaliretu asanakwere.

Anthu a m'mudzi anali atatchera makutu kudambo, kudikira nyimbo. Nkhuku zinali zitaphikidwa kale. Chimene anamva ndi injini, ndipo chimene anaona m'fumbi ndi tenti, zipewa zakuda ndi nsonga za mfuti. Anagwetsa mitengo pamsewu. Lole itaima, miyala inayamba. Galasi lakutsogolo linaphwanyikira dalaivala kumaso. Edmond, kapiteni wa timu, anatemedwa pamutu. Sankhani wa Fomu 2, amene anavala chitenje ngati mkazi wa mlimi, diso lake lamanja linathera pomwepo. Anyamata ankafuula maina awo ndi a midzi yawo, koma m'phokoso limenelo palibe ankamva mnzake.

Malemu analumpha kutsika. Akanatha kuvula chisoti. Akanatha kuyambitsa nyimbo, kapena kuitana apongozi awo ndi mfunda wawo, pakuti anali pafupi. Koma iwo anaona anthu akumenyana, ndiye anachita chimene anachita moyo wawo wonse akaona anthu akumenyana. Anaika wenzulo pakamwa.

Pabwalo la mpira mudzi wonse unkaidziwa kuti ndi ya aphunzitsi Shawa. Pamsewu paja, pakamwa pa munthu woyera kumaso, wenzulo ija inabwerera ku ntchito yake yakale.

Chibonga chinachokera patsinde pa mkuyu, mtunda umene ambiri a ife sitingafikitse ngakhale mwala. Chinawapeza pamwamba pa khutu lija linang'ambika kale. Pilo anawateteza pamimba pamene panalibe wowamenya. Anagwa chagada, ndipo magazi atatsuka choko, mlamu wawo wina ndiye anayamba kukuwa: "Mayo ine, ndi aphunzitsi!" Miyala inagwa yokha m'manja.

Oyamba kufika pamene anagwera anali a Matiyasi. Anawabereka kumsana mpaka pa lole, nachotsa okha mitengo imene anaika amuna anayi. Anawagoneka mutu pamiyendo pawo njira yonse ya ku tauni. Pachipata cha chipatala anatsika, nabwerera kwawo wapansi, malaya ali psuu. Namwino atavula malemu, m'khosi munali chingwe chokha cha wenzulo, choduka.

Lolemba anatsitsimuka. Apolisi anawafunsa amene anawagenda. Anayankha kuti, "Woyimbira saweruza zimene sanaone." Apolisi atatuluka anatembenukira kwa akazi awo, nati, "Koma amene uja, Esnat, anaponya ndi phewa." Anayesa kuseka, mutu sunalole. Ndikumbutse amene mwatchera khutu kwambiri kuti malemu anaphunzitsa kuponya anthu ambiri. Lachiwiri pa 12 Sepitembala masana, atafunsa funso lija ndayamba nalo, anatsikira kuli chete. Anali ndi zaka makumi anayi ndi zisanu.

Kuyambira tsikulo wenzulo ija yapeza oifuna ambiri. Apolisi anabwera pa siwa pano n'kutiuza kuti amene adzapezeke nayo popanda chifukwa chomveka ndiye wakupha, ndipo apita ku chingwe. Anyamata a Fomu 4 nawonso akuifuna. Edmond, mwananga, bandeji yako tikuiona, ndipo zigubu za palafini zimene mwabisa m'tchire kuseri kwa tchalitchi taziona. Mayi Shawa akuthokoza. Akuti muzibweretse kuno, nyali za pamaliro zikufuna mafuta, ndipo m'nyumba zimene mwalinga kukawotcha mumagona amayi awo.

Malemu asiya akazi awo, Mayi Esnat Shawa; ana asanu, Philemon, Rabecca, Boaz, Christine ndi Lemmy; mdzukulu mmodzi; achimwene awiri ndi mlongo mmodzi, amene ndi amayi anga; ndi apongozi awo okalamba, amene sanadye kanthu chichitikire zimenezi.

Banja likuthokoza anamwino amene anawasamalira, amayi a chigwirizano amene akhala nafe, adzukulu amene akonza manda, ndi a kalasi ya ukalipentala amene akhoma bokosi ndi matabwa a pa siteji. Tikuthokoza kwaya, ngakhale kuti mwini wake akanakubwezani pa ndime yachitatu. Tikuthokoza makolo a Sankhani, amene asiya mwana m'chipatala kudzakhala nafe. A ku Chiparamba, ufa, nkhuni ndi mbuzi zimene munasiya m'mawa pa mphambano, osafika nazo pakhomo, talandira. Abambo awiri amene mwaima pansi pa mango muli m'zovala wamba, zikomo pobwera. Nsapato zanu n'zowala bwino.

Amalume, munathamanga pakati pa anthu omenyana moyo wanu wonse. Pitani mukapume kumene kulibe woti mumuleretse. Mzimu wanu uuse mumtendere wa Ambuye.

Chomaliza ndi chidziwitso cha banja, ndipo abambo awiri aja amvetsetse. Wenzulo ya malemu sinasowe. Banja laipereka kwa a Matiyasi Daka, ndipo ili kale m'manja mwawo. Mpira wa sukulu ndi mudzi ulipo Loweruka la sabata la mawa. Sukulu ipita wapansi. Woyimbira ndi a Matiyasi.

A Matiyasi, dzukani kumbuyoko. Bokosi likusowa munthu mmodzi kumanzere.