Mkamwini wa mu Tenti

Pilato ndi mkazi wake Stella, amake Madalo, anaganiza zotsegula malo ogona alendo okonda matenti m'mbali mwa damu la kumunda kwa amayi ake a Stella, kufupi ndi Thuchila, ndipo Pilato anagona komweko Lachitatu kuti ayese tenti alendo oyamba asanafike Loweruka. Kutacha, nkhani yoti mkamwini wathamangitsidwa m'nyumba inali itafika kale kwa a Yakobo, atsibweni ake a Stella, amenenso anali nkhoswe ya banjalo.

A Yakobo sanamwe n'komwe tiyi. Ankadziwa kuti mphekeserayo ikangofika ku Milonde, kwawo kwa Pilato, abale ake abwera kudzatenga mwana wawo, banja n'kuthera pomwepo, iwo nkhoswe n'kutsala ndi manyazi. Anapalasa njinga mpaka ku damu. Tsoka lake, Pilato anali munthu woti ukamutuma kukaona ngati mbuzi zalowa m'munda, amapita n'kubwera kudzakuuza kuti zalowadi. Anamupeza atagwada, akukhomerera chikhomo ndi mwala.

"Akamwini."

"Wawa atsibweni. Mwadzuka bwanji?"

"Za ine zisiyeni. Inuyo mwadzuka kuti?"

"Umu." Pilato analoza tenti yobiriwira, yolekeza m'chiuno.

"Mu thumbali?"

"Si thumba, ndi tenti. Tinagula pa kaunjika ku Chitakale."

"Wakuuzani ndani kuti mugone kuno?"

"Amake Madalo."

A Yakobo anavula chipewa n'kuchigwira pachifuwa. "Anati bwanji? Ndikufuna mawu ake enieni."

"Anati, 'Tengani bulangeti lanu muzikagona ku damu. Musabwere mpaka mvula igwe.'"

"Mpaka mvula! Seputembala uno!"

"Ndinafunsanso choncho. Anati kuno ndi ku Mulanje, chiperoni sichichedwa. Akufuna adziwe ngati tenti ikudontha."

"Mwalakwa chiyani, akamwini? Mowa?"

"Sindimwa."

"Kachibwenzi?"

"Ayi ndithu."

"Munda wa apongozi anu simunalime?"

"Ndinalima mpaka kumalire."

"Ndiye mwana wa mlongo wanga wangodzuka n'kukutayani kunja ngati madzi otsukira mbale?"

"Ndi bizinesi, atsibweni. Kukubwera alendo ochokera ku Blantyre. Akufuna kugona panja, m'mbali mwa madzi, podzuka aziona phiri."

"Alibe nyumba?"

"Ali nazo. Zamalata, zamagetsi, ndi mipanda ya njerwa yomwe."

"Munthu asiye bedi lake, awotche mafuta ulendo wonsewo, kudzagona pansi ngati wolondera nguluwe?"

"Eya. N'kulipiranso."

A Yakobo anamumvera chisoni mkamwiniyo. Pa unkhoswe wawo anaona amuna ambiri akuphimba manyazi. Wina amati akugona kukhitchini kuti ayang'anire nkhuku, wina amati khonde limamuchiza msana. Koma bodza lokhala ndi galimoto ndi anthu a ku Blantyre anali asanalimvepo. Anakhala pa chitsa n'kutsitsa mawu.

"Chabwino, tiyerekeze kuti alendowo alikodi. Amuna kapena akazi?"

"Amuna okhaokha."

"Akazi awo?"

"Atsala."

"Anati akudzatani?"

"Amene anaimba foni anati akufuna apumeko ku phokoso la kunyumba."

A Yakobo anadzimenya pantchafu. "Basi! Nawonso awapirikitsa! Mwatsegula mudzi wa amuna othamangitsidwa pa dothi la mlongo wanga!"

"Si mudzi ayi, malo ake ndi ochepa. Pali tenti iyi ya munthu mmodzi, ndiye kunyumba kuli ina yaikulu ya banja. Amene ali ndi yake amabwera nayo, ife timangomupatsa podzika."

"Amene ali ndi yake! Ndiye kuti alipo ozolowera, mpaka anaguliratu nyumba yothawira?"

"Ena amayenda nayo m'galimoto nthawi zonse."

"Koma abale, dziko latha."

Pilato anaona ngati atsibweni ayamba kuchita chidwi, ndipo nkhope yake inawala. Anadzuka, n'kudzisansa m'mawondo, n'kuyamba kuwaonetsa malo.

"Uko ndi chimbudzi, chatsopano, chili ndi chivundikiro chake. Apa ndi pootchera nyama, nkhuni timapereka ife. Aka ndi kasola kotchajira mafoni. Wofuna kuwedza timamubwereka mbedza."

"Mafoni akutchajiranji? Awaimbira ndani anthu otayidwa?"

"Amajambula phiri. Ndiye ili ndi bafa." Anatsegula chitseko cha udzu n'kuloza ndowa yopachikidwa pamtanda. "Ndinaiboolaboola pansi ndi msomali. Munthu amangoimirira, madzi n'kumagwa okha."

"Ozizira?"

"Otentha."

"Wotenthetsa ndani?"

"Amake Madalo."

A Yakobo anagwira mlongoti wa bafa. Kuno madzi osamba si nkhani yamasewera. Mkazi akasiya kuikira mwamuna wake madzi kubafa, ankhoswe amayamba kupopa njinga.

"Inuyo lero wakuikirani madzi?"

"Ayi. Ndasamba mu damu."

"Mu damu!"

"Anati ndilowemo ndione ngati muli misundu."

"Ndiye?"

"Ilimo." Pilato anapinda buluku n'kuonetsa katumba. "Koma mbali ya bango yokha. Mbali ya mwala kulibe."

"Mwamuna wake wamupereka kwa misundu, madzi otentha n'kusungira a ku Blantyre! Nanga mwadya?"

"Anatumiza chinanazi."

"Alendowo adzadya chiyani?"

"Kalongonda, ndi tambala wofiira uja."

"Tambala uja ankandiyenda m'miyendo pa Khirisimasi, ine n'kupatsidwa matemba?"

"Yemweyo. Wanenepa tsopano."

Apa mtima wa a Yakobo unawira zenizeni, ndipo sitinganene kuti zonse zinali za banja, zina zinali za tambala. Anavala chipewa n'kuloza tenti.

"Zulani chinthu ichi. Pindani, muike pa njinga, tizipita kunyumba. Lero lomwe mugona m'nyumba mwanu."

"Sizitheka, atsibweni. Anati ndikangoizula, pakhomo ndisapondepo."

"Ndiye isiyeni ili chiimire, inu tiyeni."

"Anatinso ndikaisiya yokha, mbuzi n'kudya zingwe, pakhomo ndisapondepo."

"Kodi ilipo njira imene anakusiyirani yoti mupondere pakhomopo?"

Pilato anakanda m'mutu, anaganiza mofatsa. "Mvula."

A Yakobo anayang'ana kumwamba. Kunali mbee, phiri likuoneka lonse mpaka mizere ya m'matanthwe. Atatsitsa maso anaona zoopsa kuposa chilala: kutsidya kwa damu, m'kanjira kochokera ku minda ya tiyi, kunkatsika azimayi othyola tiyi, madengu ali kumsana. Amenewo ndi amene anafalitsa ya m'mawa ija, ndipo ena mwa iwo anali ndi abale ku Milonde. Akamuonanso Pilato pa tenti dzuwa lili pamutu, nkhani ifika kwawo lisanalowe.

"Akamwini, mvetserani. Anati mu tentimu muzikhala inuyo, kapena munthu?"

"Anati isakhale yopanda munthu."

"Ine si munthu?"

Pilato anawayang'ana kuyambira kuchipewa mpaka kunsapato. "Ndinu munthu."

"Ndiye ndikhalamo ine. Inu dzerani kuseri kwa nthochi uku, muthamange. Mukalowe m'nyumba mwanu, mukatulukenso, mukakhale pakhonde, mukakhosomole kuti anthu akuoneni."

"Ndikhosomole kangati?"

"Mpaka atembenuke! Ndipo mukamuuze Stella abwere kuno. Muno ine sindituluka mpaka wolakwa adzagwade pano n'kupepesa. Mwamva?"

"Ndamva. Koma nsapato zimatsala panja."

"Chifukwa?"

"Ndi lamulo la malo ano."

A Yakobo anavula nsapato akung'ung'udza, anagwada mawondo akulira, n'kukwawira m'kati. Chipewa chinakodwa pakhomo n'kugwera panja. Asanachitole, Pilato anakoka zipi kuchokera pansi mpaka pamwamba.

"Mukunditsekeranji?"

"Udzudzu, atsibweni. Pafupi ndi madzi pano."

Anamva mapazi akuthamangira ku nthochi. Posakhalitsa anamva ena ambiri akuyandikira, ndi kuseka, ndi madengu akukhulana. Kenaka mapaziwo anaima pafupi ndi tenti.

"Anzanga, si njinga ya a Yakobo iyo?"

"Ndi yawo. Nsapatonso ndi zawo. Onani chipewa."

"Iii! Nawonso?"

A Yakobo anapapasa nsalu kufunafuna potsegulira, osapapeza. Anafuna kufuula, koma anaona kuti nkhoswe yofuula ili m'thumba ndi yochititsa manyazi kuposa nkhoswe yachete. Azimayiwo anachoka ndi liwiro lomwe munthu wothyola tiyi kuyambira m'mawa sakhala nalo.

Zoona zinenedwe, mu tentimo munali bwino. Matiresi anali ofewa, kamphepo ka pa damu kankalowa pa kazenera ka neti, ndipo kunalibe aliyense wowafunsa kuti denga la khitchini afolera liti. Anati angotsamira pang'ono podikira Stella. Anadzidzimuka ndi kulira kwa zipi, dzuwa litapendeka.

Pakhomo panali Pilato yekha, chikwama chachikulu chili pamutu, bulangeti lili paphewa.

"Stella ali kuti?"

"Akuchapa mapilo a alendo. Akupereka moni."

"Moni! Munamuuza kuti ndikumufuna?"

"Ndinamuuza. Anafunsa ngati matiresi mwawakonda."

"Nanga m'nyumba mwalowa?"

"Ndalowa, ndatuluka, ndakhala pakhonde, ndakhosomola. Wandipatsa tiyi wamkaka, n'kundipaka mafuta pachifuwa. Akuti ndi mphepo ya ku damu."

A Yakobo anapuma mpweya wautali. "Ndiye bwino. Anthu akuonani?"

"Palibe ndi mmodzi yemwe."

"Bwanji?"

"Onse anali kwanu."

"Kwathu kwagwanji?"

"Azimayi a tiyi aja anadzera kumeneko. Pobwerera kuno amayi akunyumba kwanu andiitana, anthu atadzaza pabwalo."

A Yakobo anatulutsa mutu mu tenti. "Anati chiyani?"

"Anafunsa ngati zili zoona kuti muli mu tenti. Ndinati eya."

"Munawauza chifukwa chake?"

"Sanafunse chifukwa. Anafunsa ngati wina wakukakamizani."

"Inu n'kuyankha kuti?"

"Ndinati ayi, mwalowa nokha, nsapato mwavula nokha."

"Akamwini!"

"Kenaka anafunsa kuti mutuluka liti."

"Musandiuze kuti..."

"Ndinanena mawu anu enieni. Ndinati simutuluka mpaka wolakwa adzagwade n'kupepesa."

"Mayo ine! Pamaso pa anthu?"

"Anamva onse, ndinakweza mawu. Iwo anangoti, 'Ohoo,' n'kulowa m'nyumba." Pilato anatula chikwama chija pafupi ndi nsapato, n'kuyalapo bulangeti mosamala. "Akuti jekete la kutchalitchi lili pansi penipeni, mankhwala a miyendo ali m'thumba lam'mbali. Akutinso mawondo awo anasiya kalekale kugwada, ndiye musadikire ndi njala, muziwedza."

A Yakobo anachizindikira chikwamacho. Chinali chomwe anabwera nacho ali mnyamata, tsiku lolowa chikamwini. Pajatu nawonso kumene ankakhalako kunali kwawo kwa mkazi: nyumba, munda, ngakhale mapeyala a pakhomo, zonse zinali pa dothi la eni. Anatsala chogwada, theka m'kati theka panja, pakamwa pali yasa.

Pilato anawamvera chisoni. Ananjuta pambali pawo, anavula kapu yake n'kuigwira ndi manja awiri, n'kutsitsa mawu mwaulemu.

"Musadandaule, atsibweni, za m'banja zimakambidwa. Ankhoswe anu amakhala mudzi uti, ndikawaitane?"