Phewa Loikapo Lenzi

Pamzere wolowera m'bwalo la mpira, bambo wina anayang'ana kamera imene mayi wa patsogolo pake anakumbatira. Lenzi yake inali yaitali ngati mwendo wa munthu.

"Chimenechi n'chanu, mayi?"

"N'cha abambo akunyumba. Anagulitsa njinga yamoto kuti agule lenzi yokhayi."

"Nanga choikapo chake chija cha miyendo itatu?"

"Ndalama zinathera pa lenzi. Choikapo ndine. Amaitsamiritsa paphewa langali, ine chilili mpaka mpira kutha."

"Osagwedezeka?"

"Ngakhale kupuma, ndimadikira ajambule kaye. Chithunzi chikaipa, akuti ndinatsokomola."

"Komabe zithunzi zanu ziyenera kuti zadzaza nyumba."

"Changa palibe ngakhale chimodzi. Akuti lenziyi siona munthu amene ali pafupi."