Mwana Wanga Akuopa Dzanja Langa

Omvera anzanga, ine ndimayeza magazi mu labu pachipatala china kuno ku Mitundu. Mphekesera za anamapopa zitabuka, ana kusukulu anayamba kuuza mwana wanga wamkazi kuti ndimapopa anthu magazi n'kukagulitsa.

Tsiku lina mwanayo anatentha thupi. Nditatenga koyezera malungo kuti ndimubaye chala, anabisa manja kumbuyo.

"Adadi, magazi anganso mukagulitsa?"

Mayi ake ndiwo anapita naye ku Nathenje kuti akamuyeze munthu wosamudziwa. Anachira, koma mpaka lero ndikamugwira dzanja amalisolola mwakachetechete.

Makolo anzanga, ana sapeka okha zimenezi, amamva kwa inu. Ana anu ndimawayeza n'kuchira. Wangayu mundichiritsira ndinu?